Mbiya M'pulamu, Mwana Kumsana

Chifikireni ku London kuno, ine ndinali ndisanapitirirepo msika wa Edmonton Green. Chaka chathunthu ndi miyezi inayi. Kuchipatala, kutchalitchi, kumsika, kunyumba, basi. Ndiye mukamva kuti ine Esinati, amake Tadala, amene sukulu ndinalekezera sitandade 6 kwathu ku Ntcheu, ndinakwera mabasi asanu mpaka kuseri kwa Romford, musaseke kaye. Ndifotokoze bwinobwino, chifukwa mpaka lero ndikakumbuka mtima umathamanga.

Anandiputa ndi Anti Rozi. Si achibale anga ayi, ndi mayi a kutchalitchi kwathu, anagwira unamwino zaka zambirimbiri kuno mpaka anapuma. Atapuma, anzawo anayamba kulera zidzukulu, iwo anakalowa kuyunivesite. Osati kukatenga digiri. Amangopita Lachiwiri lililonse, kukhala mpando wakumbuyo n'kumamvetsera. Mayeso salemba, satifiketi sadzalandira. Kalasi yake ndi ya anthu ofukula zinthu zakale pansi, mapale, mikanda, mafupa. Nditamva za mafupa ndinati, "Anti, manda?" Iwo anati, "Iwe, sakufukula agogo ako."

Tsiku lina anafika pafulati pathu ali wefuwefu, jekete osavula. Akuti ana a m'kalasi mwawo anayesa kuumba miphika monga ankachitira anthu akale a dziko lino, popanda makina, popanda uvuni, kuwotcha pamoto wapansi. Yonse inaphulika, osatsala ndi umodzi. Mnyamata wina n'kunena kuti nzeru imeneyo inapita ndi eni ake. Ndiye Anti, amene chiyambireni kalasi anali asanatsegulepo pakamwa, anakweza dzanja n'kunena kuti kwathu amayi amachita zimenezo mpaka lero. Mnyamata uja anaseka. Aphunzitsi, mayi wa chizungu, sanaseke. Anati tsiku lodzayesanso kuwotcha, kufamu ina kuseri kwa Romford, Anti adzabwere ndi mbiya imodzi yaiwisi, adzaione ikupsa.

"Ndiye ndavomera," anatero Anti. "Si unandiuza kuti amayi ako amaumba?"

"Anti, inetu ndinkangowathandiza."

"Uumba. Ikakaphulika, ine m'kalasi muja sindidzalowamonso. Sindingakhale gogo wabodza wa kumpando wakumbuyo."

Dongo tinakakumba kukadimba ka Anti kuseri kwa njanji, lachikasu, lomata kwabasi. Ndinaswa mphika wakale wa maluwa n'kuusinja mpaka kukhala ngati mchenga, n'kusakaniza m'dongomo monga amachitira amayi ndi mapale. Ndinaumbira pansi m'khitchini, chitsononkho m'manja, Tadala akukwawira cha uko. Nkhulungo yosalazira ndinatola kupaki. Manja anakumbuka okha, ine mwini ndinadabwa. Mbiya inatuluka, kukula kwake ngati dzungu lalikulu, ndipo ndinaibisa m'kabati kuti iume pang'onopang'ono masabata atatu.

Koma pali lamulo limene amayi sankaseka nalo. Kuyambira tsiku lokumba dongo mpaka tsiku lowotcha, woumba asakhale malo amodzi ndi mwamuna wake. Ndipo munthu wotentha, amene wachokera kumene kwa mkazi kapena mwamuna, asakhudze mbiya yaiwisi. Akaikhudza, pamoto imaphulika. Bambo a Tadala amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, amabwera atatopa, ndiye ndinawayalira pasofa. Anati, "Moti ine msana ukundiwawa chonchi chifukwa cha yunivesite?" Ndinati ndi masabata atatu okha. Anati, "Digiriyo adzandipatseko."

Tsikulo linali Loweruka. Sindinadye kanthu m'mawa. Mbiya ndinaikulunga m'bulangete, n'kuigoneka m'pulamu, kangolo kaja kokankhira mwana, n'kuimanga ndi malamba ake omwe. Tadala, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndinamubereka kumsana ndi chitenje pamwamba pa jekete. Anti anafuna sitima, koma Loweruka limenelo mbali ina ya njanji ankaikonza, ndiponso ine ndi masitepe oyenda okha aja sitimvana. Tinagwirizana za mabasi. Minibasi ya kalasi imanyamuka pa Romford 10 koloko, ife tinatuluka m'nyumba 7 koloko. Anti anati nthawi ndi yambiri, mpaka tikamwa tiyi.

Pasiteji yoyamba pomwepo zinayambika. Gogo wina wa chizungu, kachikwama m'manja, anabwera akumwetulira, akulankhula kamawu kaja kolankhulira makanda, n'kuwerama kuti asuzumire m'pulamu. Ndisanachite kanthu anali atakweza kale kansalu kakutsogolo. Anapeza kukamwa kwa mbiya kuli yasa, kukumuyang'ana. Anaimirira. Anandiyang'ana ine, n'kuona timiyendo ta Tadala tikulendewera m'chiuno mwanga, n'kuyang'ananso m'pulamu.

Ine magazi anauma. Kutchalitchi amayi amanena kuti kuno akakuona ukuchita zachilendo ndi mwana amaimba foni, aboma n'kubwera kudzamutenga. Ndinkangoyang'ana dzanja la gogoyo, kuti likalowa m'chikwama ndithawe. Anti anamulankhula Chingerezi chawo chija cha kuchipatala, chofewa, mpaka gogoyo anaseka n'kugwira kaphazi ka Tadala.

"Mwamuuza chiyani?"

"Ndati ndi mapasa, winayo anatengera bambo ake."

"Anti!"

"Kwera basi iwe."

Mabasi a kuno alibe kondakitala, alibe woitanira, ndalama pamanja salandira. Umangogunditsa khadi pakachinthu kachikasu, kakalira ndiye kuti walipira. Anti ali ndi khadi ya okalamba, amakwera ulere, ndipo amaigunditsa monyada ngati akudinda chidindo. Ndinalowetsa pulamu pamalo ake apakati, n'kuponda buleki, n'kuima chogwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linalo pambiya. Anti anati ndikhale pansi. Ndinakana. Msewu wa kumeneko uli ndi zitunda zochepetsa liwiro, ndipo pa chitunda chilichonse ndinkamva ngati chagunda m'mano mwanga. Koma maso anga, inu! Mashopu a anthu a mitundu yonse, mlatho, madzi ambiri ngati damu, mahatchi awiri atavala mabulangete. Ndinati, "Anti, taonani, mahatchi avala majekete!" Anthu anacheuka. Sindinasamale.

Pa Walthamstow tinatsika bwinobwino, mbiya ili yonse. Tinadikira basi ya ku Ilford. Chikwangwani chamagetsi chinkati mphindi zinayi, kenako zisanu ndi ziwiri, kenako zinayi kachiwiri. Ndinafunsa Anti ngati mphindi za kuno zimabwerera m'mbuyo. Itabwera inali yodzaza, koma malo a pulamu analipo.

Tinangoyenda masiteji atatu. Pasiteji yachinayi panali bambo wa panjinga ya olumala. Dalaivala analankhula pa sipika, anthu onse n'kutembenukira kwa ine. Anti anati, "Akuti malowo ndi a njinga. Upinde pulamu kapena titsike."

Kupinda pulamu mbiya ili momo? Kutsika, nanga nthawi? Inali itadutsa kale hafu 8. Chitseko chinali chotsegula, kachitsulo kokwerera njinga katatuluka, kalamu kakulira, Tadala nayenso wayamba kulira. Ndinamasula malamba, n'kufunyulula bulangete kuti ndigwire bwino. Nditangotembenuka kuti ndiuze Anti akhale pansi ndiwayike mbiya pamiyendo, ndinaona manja awiri akuda, aakulu, alowa m'pulamu. Bambo wina wa jekete yabuluu ananyamula mbiya yanga. Osati ndi bulangete. Ndi manja enieni, zala zonse khumi padongo.

Ndinapinda pulamu, wa njinga analowa, anati zikomo, basi inanyamuka. Bambo uja anaima pafupi nane, mbiya yanga ataikumbatira pachifuwa, akumwetulira ngati wachita zabwino. Ndiponso anachitadi zabwino, ndicho chinandipweteka.

Ndinanong'oneza Anti m'Chichewa. "Anti, wayigwira."

"Ndaona. Wathandiza."

"Mufunseni ngati ali pabanja."

"Wapenga?"

"Mufunseni ngati usiku wathawu anagona kwa mkazi wake. Chonde Anti, inu Chingerezi mumachitha."

"Ine zaka zonsezi ndafunsa odwala mafunso amanyazi, koma limenelo m'basi sindifunsa."

"Ndiye ikaphulika musadzati ndine."

Pamenepo bambo uja anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti ndi basi, koma anali akuseka, kuseka kosatulutsa mawu, mbiya yanga ikukwera n'kutsika pachifuwa pake.

"Amama, osayopa," anatero. "Ine nachoka ku naiti, nagwila nchito usiku onse. Mukazi wanga ali ku Lusaka. Manje ni zaka zibili sininamuone."

Wa ku Zambia! Wamva zonse! Ndinalakalaka pansi pa basi patatseguka. Ndinabisa nkhope m'chitenje, Anti akuseka mpaka misozi. Bamboyo anati ambuye ake ku Chipata nawonso ankaumba, ndipo anyamata ankawathamangitsa ndi chikuni akayandikira pamoto. Anaigwira mbiya ija mosamala mpaka wa njinga anatsika, n'kuigoneka yekha m'pulamu. Potsika anati, "Ikapsa bwino mukanikumbukile."

Ndinapuma mpweya wautali. Ndinati, "Mwamva Anti? Zaka ziwiri. Ndi wozizira."

Anti anayang'ana pawindo, bambo uja akuwoloka msewu, akuyankha foni akumwetulira. Anati, "Mwamuna wooneka bwino chonchija, zaka ziwiri, mu London muno? Mmm."

"Anti, musatero."

"Ine sindinanene kanthu."

Kuyambira pamenepo nkhani ya bamboyo inandikhala pamtima ngati mwala.

Tisanafike ku Ilford magetsi a m'basi anaphethira kawiri, dalaivala n'kulengeza kuti basi ithera pompo, tonse titsike tidikire yam'mbuyo. Palibe anadandaula. Kwathu anthu akanamuzungulira dalaivalayo mpaka afotokoze, koma kuno anangotsika mwakachetechete ngati akutuluka m'tchalitchi. Titangotsika, mvula.

Mbiya yosawotcha ndi dothi chabe. Ikanyowa imabwerera kumene inachokera. Kadenga ka pasiteji kanali kakang'ono, anthu atadzazana kale. Ndinasolola pulasitiki ya mvula ya pulamu, zala zikukanika kupeza mabatani ake, madontho akugwa pabulangete, ine ndikungoti Yesu, Yesu, Yesu. Anti anatambasula ambulera pamwamba pa Tadala. Ine ndinawerama pamwamba pa pulamu, msana wanga ndi mwana pansi pa ambulera, mutu wanga pamvula. Anti iwo ananyowa thupi lonse, wigi yawo ikudontha. Mtsikana wina wa zingwe m'makutu anatiyang'ana, n'kutuluka pakadenga paja, n'kutilozera malo ake. Ife tinangogwedeza mitu kuthokoza.

Basi yam'mbuyo inabwera ndi mapulamu awiri kale m'kati. Dalaivala anatikaniza ndi dzanja. Yachiwiri inatitenga. Pa Ilford ndinapisa dzanja m'bulangete, ndinapeza mbiya ili youma, yozizira, yosalala. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Anti anayang'ana wotchi, sanaseke.

Msewu wa ku Romford ndi wowongoka, wautali, ndipo tsiku limenelo anali ataukumba pakati. Basi inkayenda pang'ono, kuima, kuyenda pang'ono, kuima. Ndinaona mayi wina wa ndodo akutipitirira wapansi, tinamupeza, anatipitiriranso. Pamene ankakumbapo ndinasuzumira m'dzenje, ndinaona dongo lomwe lija lachikasu, mulu wonse, likungonyowa pamvula popanda mwini. Ndinati, "Anti, dongo lonseli! Amayi atabwera kuno angalemere." Anti anali pafoni, akulemba uthenga, akufufuta, akulembanso. 10 koloko inatipeza tili m'basi. Tinafika pa Romford minibasi itapita kalekale.

Aphunzitsi anayankha uthenga kuti tisadandaule, moto sanayatse, tikwere kabasi kakang'ono kopita kumafamu. Koma kabasi kameneko sikabwera pafupipafupi, ndipo kamodzi kanali katangochoka. Tinakhala pabenchi pafupi ndi msika, fungo la nsomba ndi anyezi wokazinga likutipeza, ogulitsa akukuwa mitengo ya zipatso ngati pa Tsangano. Ndinamasula Tadala n'kumuyamwitsa nditafunda chitenje, phazi langa litatsekereza tayala la pulamu. Aliyense wodutsa pafupi ndinkamuyang'ana manja. Anti anagula tiyi wa m'makapu apepala, koma wawo sanamwe. Anavula wigi, kuikung'untha, kuivalanso mokhota.

"Esinati, tibwerere."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Ndiwauza kuti mwana wadwala."

"Mwana wanga musamunenere matenda, Anti."

Kenako anati, "Pali chimene sindinakuuze. Tsiku lija mnyamata uja ataseka, ine mutu unatentha. Sindinanene kuti amayi a kwathu amaumba basi. Ndinati ine ndimaumba. Ndinati ndinaphunzira ndili mtsikana."

"Inu?"

"Ine wobadwira ku Ndirande, bambo anga kalaliki. Dongo ndinaligwirapo pa dimba paja pokha, tsiku limene tinkakumba." Anaseka pang'ono koma maso ali ofiira. "Ukudziwa, m'kalasi muja ana amandipatsa ulemu wa pa basi. Kunditsegulira chitseko, kundisiyira mpando. Koma akamakambirana m'magulu, mpando wanga amaulambalala. Chinenereni zija, ayamba kundifunsa maganizo. Mtsikana wina mpaka anandisungira malo kutsogolo."

Ndinene zoona, ine mkati ndinasangalala. Masabata atatu onse chimene chinkandisowetsa tulo si mbiya yokha, chinali Chingerezi. Kuima pamaso pa anthu a yunivesite, ine wa sitandade 6, kutsegula pakamwa. Tsopano Anti akuti woumba ndi iwo. Ndiye kuti ine ndikangokhala wokankha pulamu.

"Ndiye vuto lili pati?" ndinatero. "Mbiya ndi yanu. Ine ndine wantchito wanu. Ndizikunong'onezani m'Chichewa, inu muzichita."

"Si bodza limenelo?"

"Bodzalo munanena kale, Anti. Ine sindinagoneke mwamuna wanga pasofa masabata atatu kuti ndikathere pa Romford."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Kabasi katabwera, anayamba ndi iwo kuimirira.

M'kabasimo munali anthu asanu okha ndi galu. Nyumba zinayamba kutalikirana, kenako minda, mipanda ya zitsamba, nkhosa. Sindinkadziwa kuti London ali ndi kumudzi. Ndinkauza Anti ndondomeko, iwo akubwereza ngati mwana wa katekisimu. Mbiya isalowe pamoto msanga. Iyambe yawotha patali, muziitembenuza, mpaka itenthe moti dzanja silingapirire. Ikatero muyigoneke chammbali pa nkhuni zouma, kukamwa kuloze kumene mphepo sikuchokera, muyifunditse makungwa ndi tinkhuni ting'onoting'ono mpaka isaoneke. Anti anati, "Kukamwa kuloze kuti?" Ndinabwerezanso.

Dalaivala anatitsitsa pa geti lamatabwa n'kutilozera kanjira. Kanjirako kanali matope okhaokha. Tinangoyenda pang'ono, matayala a pulamu anamira, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu, nkhosa zokha. Ndinatenga thewera la nsalu la Tadala, kulipota nkhata, kuika pamutu, n'kusenza mbiya yanga. Mwana kumsana, mbiya pamutu, matope m'mapazi. Inu, thupi langa lonse linamasuka. Chichokereni m'nyumba, apa m'pamene mbiya inakhala pamalo pake. Anti ankabwera m'mbuyo akukoka pulamu yopanda kanthu, akuitukwana.

Titakhota pa mpanda, anthu aja anali pomwepo, mwina makumi awiri, majombo m'miyendo, moto waukulu ukuyaka kale pakati pa bwalo. Atationa anasiya zonse. Mafoni anatuluka. Aphunzitsi, mayi wamfupi wa imvi ndi chipewa chaubweya, anathamanga kudzakumbatira Anti. Ndinatula mbiya pa udzu wouma pansi pa tenti, n'kubwerera m'mbuyo monga wantchito.

Anayizungulira, akuiyamikira, akufunsa Anti mafunso. Anti ankayankha. Ine maso anga anali pa manja a anthuwo. Kenako mnyamata wamtali wa ndevu zofiira, amene ndinadziwa popanda kuuzidwa kuti ndi woseka uja, anavala magolovesi aakulu n'kufunsa Anti kanthu, akuloza pamoto. Anti anasokonezeka, anagwedeza mutu kuvomera. Mnyamatayo anawerama kuti anyamule mbiya yanga akaiponye pakati pa malawi, yozizira, yochokera pamvula.

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pakati pa anthuwo. Ndinangozindikira ndaima pakati pa iye ndi mbiya, dzanja langa lili m'mwamba, ndikukuwa, "No! No, no, no!" Tadala anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

Ndinayang'ana Anti. Anti anayang'ana pansi, kenako anakonza wigi yawo, n'kulankhula Chingerezi pang'onopang'ono, moti ngakhale ine ndinamva. Anati iwo sanaumbepo mbiya chibadwire. Anati ananena zija chifukwa cha manyazi. Anati woumba ndi uyu, dzina lake Esinati, anaphunzira kwa amayi ake, ndipo amene akufuna kudziwa afunse iye, iwo angomasulira.

Palibe anaseka. Aphunzitsi anagwira Anti paphewa n'kunena kanthu kachidule, kenako anatembenukira kwa ine, anatulutsa kabuku ndi pensulo, n'kudikira.

Ndiye ndinayamba kulamula, inetu. M'Chichewa, Anti akumasulira. Moto uwu ndi waukulu, uphwasuleni. Makungwa aja bweretsani kuno. Ndinaika mbiya patali n'kumaitembenuza, aphunzitsi akufunsa chifukwa chake, ine ndikuyankha, iwo akulemba. Anafunsa za timiyala tofiira tooneka m'dongo, ndinati ndi mphika wakale wosinja, dongo lopanda mapale limakhala lamwano pamoto. Anti anavutika kumasulira mwano. Aphunzitsi anapisa m'thumba n'kundiika m'manja kaphale kakuda, akuti anakafukula pafupi ndi mtsinje wa konkuno, n'kakale kuposa agogo a agogo a aliyense. Nditakayang'ana m'mbali mothyoka, ndinaona timapale tosinja, ngati tanga. Pamlomo pake panali podinikiza ndi chala. Ndinaikapo changa. Chinakwana.

Nthawi yoika pamoto itafika ndinati, "Anti, auzeni amuna onse apite uko kumpanda."

"Esinati, kuno ndi ku yunivesite."

"Mbiya sidziwa zimenezo."

Anti anamasulira, sindikudziwa kuti anawonjezera chiyani, koma atsikana anaombera m'manja, anyamata n'kupita kumpanda akuseka, wa ndevu zofiira patsogolo. Tinafunditsa mbiya makungwa, ndinayatsa ndekha.

Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Miphika ya ana a sukulu inali pamoto wina cha kumbali, ndipo tinamva umodzi, phuu! Kenako wina. Nthawi iliyonse Anti ankandifinya dzanja mpaka kuwawa. Ine ndinkangoona zala khumi za bambo a ku Lusaka padongo langa, ndi kumwetulira kwawo kuja pafoni. Moto wathu unakwera, unafiira, unayamba kutsika. Makungwa anasanduka phulusa. Pakati pa phulusapo panaoneka msana wa mbiya, wofiira, wa mawanga akuda.

Ndinaikoka ndi ndodo yaitali pang'onopang'ono, n'kuisiya ipume. Anthu onse anabwera pafupi, ndi amuna omwe, palibe anawaletsa. Itazizirako ndinaizungulira kawiri kufuna mng'alu. Ndinatulutsa nkhulungo yanga m'thumba la jekete n'kugogoda pamimba pake.

Ngweee.

Ana aja anakuwa ngati agoletsa chigoli. Wa ndevu zofiira anapita kwa Anti n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Aphunzitsi ankandilankhula mofulumira, ine ndikungomva dzina langa ndi Lachiwiri. Anti anati, "Akuti Lachiwiri tibwere tonse, mwana yemwe. Akuti mipando iwiri, kutsogolo m'kalasi."

Ndinati, "Tidzapitanso pa basi?"

"Pa basi."

Anti anawerama movutikira ndi bondo lawo lowawa, anagogoda mbiya ndi chikhadabo, inaliranso. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje changa, n'kundinong'oneza kuti azungu asamve, ngati kuti akanamva.

"Esinati, bambo a ku Lusaka aja tinawalakwira. Ndi okhulupirika."